Chumuni chozizira cha kwa a Gillis

"Adadi, bwanji khoma la kuchipinda kwanga likulira?"

Anafunsa choncho Isla, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lina mu Novembala. Bambo ake, a Lauchie Gillis, anakwera kukaona. Pakhoma pamene padutsa chumuni panali mizere ya madzi akuda, yotsika mpaka pansi. Anaikhudza ndi chala, n'kunena kuti denga likudontha, adzalikonza chisanu chikatha.

Denga silinkadontha ayi. Chaka chimenecho a Lauchie anachita zomwe mabanja ambiri kuno ku Cape Breton akuchita: anachotsa ng'anjo yamafuta yotenthetsera nyumba, n'kuika makina amagetsi. Koma giza yotenthetsa madzi, yomwenso imayaka ndi mafuta, anaisiya m'chipinda cha pansi pa nyumba, ikutulutsira utsi m'chumuni chakale cha njerwa. Sanali munthu wosasamala. Anangoganiza kuti chumuni chimene chakwanitsa zinthu ziwiri sichingalephere chimodzi.

Tsiku lokweza ng'anjo ija pa galimoto, mnansi wawo a Dougald Beaton anaima pampanda. Mkuluyu anagwira ntchito yokonza ng'anjo ndi magiza zaka makumi atatu asanapume, ndipo anamudziwa Lauchie akadali wa kabudula.

"Lauchie iwe, giza ija waisiya yokha m'chumuni chonsecho?"

"Eya. Yapeza nyumba yonse, ikhale mwamatama."

"Matamawo ndi amene akundiopsa. Ng'anjo ndi imene inkafunditsa chumuni. Utsi wa giza ndi wochepa. Ukalowa m'chumuni chachikulu chozizira, umazizira usanafike pamwamba, n'kusanduka madzi. Madzi amenewo amadya njerwa. Itana mmisiri alowetse paipi yachitsulo yolingana ndi gizayo, kuyambira pansi mpaka pamwamba."

Mlamu wawo wa a Lauchie, Ranald, amene ankamanga zingwe pa galimotopo, anaseka. "Mlamu, musawamvere awa. Chumuni chimenechi chasenza utsi kuyambira nthawi ya agogo anu. Lero chikanike kagiza kamodzi? Achikulirewa penshoni yawatopetsa, akufuna pogwira."

A Dougald sanakangane naye. Anangoti, "Ndanena," n'kubwerera kwawo.

Mu Januwale kunazizira koopsa. Mphepo yochokera kunyanja inkalowa pa kawindo ka m'chipinda cha pansi, ndiye a Lauchie anakatseka ndi pulasitiki ndi tepi, m'mbali n'kutsekeramo nsanza. Patangopita masiku ochepa, onse m'nyumbamo anayamba kumva mutu. Mayi ake a Isla, a Mairead, anati ndi chimfine cha kusukulu. Anamwa mankhwala a mutu, n'kumapitiriza ntchito zawo.

Loweruka lina m'mawa a Mairead anaganiza zochapa zofunda zonse kuti chimfinecho chichoke. Makina ochapira ali m'chipinda cha pansi chomwecho, ndipo madzi otentha ankafunika osalekeza, moti giza inkangoyaka. Isla anakhala pa masitepe akujambula. A Lauchie anali panja, akukokola chipale chofewa chotchedwa sinowo panjira.

"Odwala aja ali bwanji?" anafunsa a Dougald ali kutsidya kwa mpanda.

"Chimodzimodzi. Koma ine chimfine changachi n'chaulesi. Ndikangogwira fosholo chimathawa, ndikalowa m'nyumba chabwera."

A Dougald anasiya kukokola. "Wati bwanji? Mutu umasiya ukakhala panja?"

"Ndi momwemo. Ngakhale kuntchito ndimakhala bwinobwino."

"Mairead ndi mwana ali kuti?"

"Pansi, akuchapa."

Mkulu uja anaponya fosholo, n'kudutsa pampanda ngati mnyamata. "Thamanga! Atulutse panja! Usaime kuti uone chavuta n'chiyani, nyamula mwana basi!"

A Lauchie anapeza Isla atatsamira khoma pa masitepe, pensulo itagwa, atasanzira pa juzi lake. Anamutchula dzina kawiri. Anatsegula maso pang'ono, n'kutsekanso. Pansi, a Mairead anali atakhala pa basiketi ya zovala, atagwira mutu ndi manja onse.

"Ndingopuma kaye pang'ono," anatero, mawu akukoka.

"Mukapumira panja, mayi," anatero a Dougald, atawagwira kale m'khwapa. Podutsa pamwamba pa masitepe anazimitsa swichi yofiira ya giza, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Anawakhazika m'galimoto ya a Dougald, mawindo otsegula, n'kuimbira ambulansi ndi ozimitsa moto. A Lauchie anamufungatira mwana m'jekete lawo akumuyankhulitsa. "Isla, galu wa a Dougald dzina lake ndani? Isla! Ndiuze dzina la galu." Mwanayo sanayankhe. Ankapuma, koma thupi lonse linali lolefuka. Ambulansi inatenga mphindi makumi awiri. A Lauchie amati sakumbukira kuti anamva kuzizira.

Kuchipatala onse atatu anawaika pa mpweya. Namwino anawauza kuti m'magazi mwawo munali kaboni monokisaidi, mpweya wapoizoni umene suoneka ndiponso sununkha. "Anthu ambiri amauyesa chimfine," anatero. "Koma chimfine sichisiya munthu akatuluka panja. Banja lonse likamamva mutu, chizungulire ndi nseru muli m'nyumba, tulukani kaye, zofunsana mukafunsana muli panja. Alamu yochenjeza za mpweya umenewu muli nayo?"

A Lauchie anapukusa mutu. Anali ndi ya utsi yokha.

Madzulo Isla anatsegula maso n'kupempha madzi. Adokotala anati iye ndi mayi ake agone komweko masiku awiri.

M'mawa mwake, ozimitsa moto atanena kuti mpweya m'nyumbamo wayera, a Dougald anatsika ndi a Lauchie m'chipinda chija. Anatsegula kachitseko kachitsulo ka patsinde pa chumuni. Munakhuthuka zidutswa za matailosi a m'kati mwa chumuni, zonyowa, zosakanikirana ndi mwaye. Analowetsa kagalasi n'kuunika ndi tochi.

"Suzumira. Ukuona kumwamba?"

"Mdima wokhawokha."

"Zagumuka zatseka njira. Utsi unkabwerera kuno. Kenako ona apa." Analoza kawindo komatidwa kaja. "Moto umapuma ngati iwe. Ukaumana mpweya suyaka bwino, umapanga poizoni wambiri. Unatseka polowera, potulukira patatsekeka kale."

A Lauchie anati, "Ndichotsa zinyalalazi lero, pulasitikiyo ndimatula. Akamatuluka m'chipatala apeze madzi otentha."

"Ayi. Zimene zagwazi n'zimene ukuziona. Zotsala m'mwambamo zigwa sabata yamawa. Pakufunika paipi ija, aike mmisiri wa chiphaso, ayeze ngati utsi ukukwera, akonze polowera mpweya. Alamu pansi pano, ina pafupi ndi zipinda zogona. Chaka chilichonse chisanu chisanayambe, giza ndi chumuni ziziyenderedwa."

"Mmisiri mu Januwale? Onse ali pa mzere. Zitenga milungu iwiri. Nanga mwana wochokera kuchipatala azisamba madzi ozizira?"

"Kwathu kuli zipinda ziwiri zongosungira fumbi. Mubwere nonse. Ukaliza mkonono ndikutulutsa ukagone ndi galu."

A Lauchie anayesa kuseka koma sizinatheke. Anapita pa thanki ya mafuta, n'kutseka okha mpopi wopita ku giza, n'kuumanga ndi waya.

"A Dougald, ndikulonjeza. Gizayi siyaka, ndipo Isla sagona m'nyumba muno, mpaka inuyo mutasuzumira m'chumunimu n'kunena kuti mwakhutira."

"Inenso ndikulonjeza kuti sindifulumira kukhutira," anatero mkulu uja, akuwapatsa dzanja lodzaza mwaye. "Tiye tikayale mabedi."