Mphini za Achimwene

Achimwene anga a Pemphani ndinawaona komaliza ali moyo pa geti la polisi, atagwira nsapato m'manja.

"Mphwanga," anatero, "wanditulutsiranji ndekha?"

Dzulo lake apolisi anali atasesa Chinsapo yense kufuna a Chingwe, gulu la amuna olumbirirana kumanda. Iwowa ndi amene ankalamula msika, kuweruza akuba ndi kukumba manda a aliyense. Apolisi ankangopinda anthu malaya. Wopezeka ndi mphini zitatu pamkono wamanzere, chizindikiro cha gululo, ankamuponya m'galimoto. Anatenga amuna makumi awiri.

Achimwene sanali a Chingwe. Mphini zawo anawatema ndi sing'anga wa ku Mitundu ali khanda, chifukwa cha khunyu. Ine, ndi Chingerezi changa cha koleji yomwe sindinamalize, ndinapita kukafotokoza, amayi ali pambuyo ndi buku lakale la kusikelo. Bwana wa polisi anamva, nawatulutsa. Ndinadziona ngati munthu.

"Alowa makumi awiri, watuluka mmodzi," anatero achimwene. "Kwathu kuno amati wachita chiyani ameneyo?"

Yankho ndinkalidziwa: amati waulula.

"Tenga amayi, dzerani njira ina. Musayende nane."

Achimwene anapezeka atafa patatha masiku awiri m'munda wa chimanga ku Njewa.

Pamsewu wathu palibe anayika masamba a maliro. Anansi anatseka zitseko. Amayi a mvano anabwera atatu okha, nyimbo akuyimbira kukhosi. Wokumba manda sanaoneke ndi mmodzi yemwe.

M'mawa mwake tinapeza mabango awiri pakhonde, odulidwa bwinobwino monga amachitira poyeza manda. Amayi anatenga lalitalilo nakaliyika pambali pa bokosi. Linakwana ndendende. Kenako anatola linalo, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanandiyeze. Analithyola pabondo.

Manda ndinakumba ndekha. Amuna atatu a Chingwe anakhala patsinde pa mtengo wa keshya, akungopenya khasu langa. Nthawi zonse ndikaweramira m'dzenjemo, msana unkazizira.

Tikukwirira, amayi anandikankhira kachikwama m'manja osandiyang'ana.

"Ukamaliza usabwerere kunyumba, mwana wanga. Wachiwiri sindiyika."

"Nanga inu amayi?"

"Ine akundidziwa. Mbuli sayiopa."

Sindinadikire pemphero lomaliza. Ndinadutsa m'chimanga mpaka kumsewu, ndikukwera minibasi yoyamba, dothi la achimwene lidakali m'zikhadabo.

Linali Lachinayi, pa 14 Malichi 2024.