Amake Kwacha Sadya Tchipisi Chawo

Mphekesera inayambira pa mjigo, ndipo pofika tsiku la msika inali itazungulira pa Kamwendo ponse. Akuti amake Kwacha, aja a lesitilanti yobiriwira ili pafupi ndi siteji ya maminibasi, amathira mankhwala okopera makasitomala m'chiwaya. Umboni wake? Eee, anthu anali nawo! Mayi wokazinga tchipisi, mandasi ndi kanyenya tsiku ndi tsiku, koma mwini wake osalawako ngakhale kamodzi. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana amatulutsa kambale kovindikira kochokera kunyumba n'kukadyera kuseri. Komanso anali ataonda. Chitenje cha ku Chipata chimene kale chinkakumana movutikira, tsopano chinkazungulira n'kutsalako.

Amene ankaikoleza kwambiri nkhaniyi anali a Luwiza, ogulitsa tomato pa benchi yoyang'anana ndi lesitilantiyo.

"Inu, munthu angakane chakudya chophika yekha ngati mulibe kanthu?" ankatero a Luwiza uku akuunjika tomato. "Akudziwa zimene amaikamo. Kuondakonso ndi mankhwala omwewo, ayamba kuwabwerera."

Koma zoona zake sizinali zimenezo ayi. Amake Kwacha, dzina lawo lenileni a Esitele, anagwa ndi chizungulire kumayambiriro kwa chaka cha 2005 ali pakati pokanda ufa wa mandasi. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi, kuja timangoti bipi. Namwino wa pamenepo, a Stelia, anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti achepetse shuga, mchere ndi mafuta.

Masabata oyambirira analidi owawa. Tangoganizani, munthu woti anazolowera tiyi wa masipuni anayi a shuga, mandasi otentha m'mawa, masana tchipisi ndi botolo lozizira pambali, lero azidya mbatata yophika ndi bonongwe, fungo la kanyenya lili pamphuno! Tsiku lina analira ndithu misozi ataima pa chiwaya. Koma anapirira. Patatha miyezi ingapo chizungulire chinatha, miyendo inasiya kutupa, ndipo chilakolako chija chinangozimiririka osatsanzika.

Za matendawa ankadziwa amuna awo okha, a Laston.

"Ndikangonena kuti ndili ndi shuga, anthu adzati tchipisi changa n'chimene chimadwalitsa," ankatero a Esitele. "Ndiye tidzadya chiyani m'nyumba muno?"

Ndiye anabisa. Koma kubisako n'kumene kunabala mphekesera ija.

Makasitomala anayamba kuchepa. Anyamata a kabaza, amene kale ankadzaza mabenchi, anasamukira ku chiwaya cha tsidya lina la msewu. Makondakitala ankangodutsa ngati sakuona chitseko. Otsala anali madalaivala a malole ochokera ku boda okha, poti iwo nkhani za pa mjigo sazimva. Madzulo mandasi ankabwerera kunyumba beseni lili pakati, mafuta ogula modula aja atapita pachabe. Lesitilantiyi ndi imene inkadyetsa banja lonse ndi kuphunzitsa Kwacha ku sekondale, ndiye a Esitele tulo anasiya kutiona.

Tsiku lina anamukola Vitus, wa kabaza amene ankadya pamenepo chitsegulireni malowo. Anali akukankha njinga yake mozemba.

"Iwe Vitus! Ndinakulakwira chiyani? Tchipisi changa chayamba kuwawa?"

Vitus anakanda m'mutu. "Ayi masteni, kungoti... anthu akuyankhula."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mumaikamo zinthu. Akuti n'chifukwa chake inuyo simudya. Ine sindikhulupirira kwenikweni, koma mkazi wanga wandiletsa."

A Esitele anamusiya Vitus apite. Iwo, mayi wa kwaya, oika zinthu m'chiwaya? Atafika kunyumba anakhala pa mkeka osavula ndi mpango womwe.

"Bambo a Kwacha, tsiku la msika ndidya tchipisi pamaso pa anthu onse. Mbale yodzaza, kanyenya pamwamba, ndi botolo lozizira. Aone okha."

A Laston anaika pansi wailesi imene ankakonza. "Amake Kwacha, nanga anamwino aja anati chiyani? Bwanji osangowauza anthu zoona?"

"Tsiku limodzi lokha silingandiphe. Ine ndadya tchipisi zaka zingati? Mimba yanga ikuchidziwa bwino."

"Mimba imeneyo ndi yakale. Iyi ndi ina."

Koma a Esitele akatsimikiza chinthu, ngakhale mutabwera ndi ng'ombe zokoka ngolo simungawasunthe.

Tsiku la msika linafika. Dzuwa lili pamutu, anthu ali pikitipikiti, a Esitele anatulutsa tebulo n'kuliika pakhonde. Anadzaza mbale ndi tchipisi, kuwaza mchere monga amawathirira makasitomala, kuikapo kanyenya wonona, n'kutsegula botolo la chakumwa chotsekemera chija ankachikonda kale.

"Amene mumati sindidya zophika zanga, bwerani mudzaone!" anakuwa. "A Luwiza, senderani pafupi, musadzachite kumva kwa ena!"

Abale, anthu kukonda zoonerera! Posakhalitsa khonde linadzaza. Ena anakwera pa njinga zawo kuti aone bwino.

A Esitele anatenga tchipisi choyamba. Mumtima ankayembekezera kukoma kuja ankakulota miyezi yoyambirira. Koma atangotafuna anadabwa. Mchere wake unali ngati aluma mchere weniweniwo wa m'paketi. Mafuta anamata m'kamwa monse ngati adya kandulo. Anati atsitsire ndi chakumwa, koma kutsekemera kwake kunali kolasa kukhosi, mpaka thupi kuchita tsemwe. Kodi ichi n'chimene ndinkamwa mabotolo atatu pa tsiku? Anadzifunsa choncho, koma nkhope anaimwetulitsa ndithu poti maso onse anali pa iwo.

Anadya. Anakakamiza. Mbale itafika pakati thukuta linayamba kutsika, pamtima kutentha, m'mimba kubwadamuka. Anamaliza botolo, n'kuyamba lachiwiri kuti anthu asanene kuti achita mantha. Kenaka anadzuka mwadzidzidzi, dzanja pakamwa, ulendo wa kuseri. Phokoso la kusanza linamveka mpaka pa benchi ya tomato.

"Mwaonatu!" anafuula a Luwiza, manja m'chiuno. "Ndimanama ine? Mankhwala awo omwe awakana!"

Anthu anabalalika akugwedeza mitu. Nkhani imene a Esitele ankafuna kuizimitsa, anali ataithira palafini.

Vitus yekha ndiye anatsala. Anawapeza atatsamira khoma, milomo itauma, akupempha madzi. Chikumbumtima chinamugwira poti nkhani ija anawauza ndi iye.

"Masteni, kwerani. Tikupita kuchipatala. Za ndalama musanene."

Kuchipatala a Stelia anawabaya chala n'kuyeza magazi, kenaka anawamanga lamba woyezera bipi pamkono. Anayang'ana makinawo, n'kuyang'ana a Esitele.

"Mayi, mwezi wathawu zonse zinali bwinobwino. Lero shuga wakwera chonchi bwanji? Mwadya chiyani?"

A Esitele anafotokoza zonse, kuyambira pa mjigo mpaka kuseri kwa lesitilanti. Pomaliza anafunsa, "Anamwino, ndiuzeni zoona. Chakudya chomwe ndadya moyo wanga wonse chingandikane chonchi? Kapena alipo wandichita chipongwe? Kapena ndi matenda ena?"

A Stelia anaseka pang'ono, osati mowanyoza ayi. "Palibe wakulodzani, ndipo si matenda atsopano. Lilime limazolowera zimene mukulipatsa. Mukamadya mchere wambiri tsiku lililonse, limasiya kuumva, ndiye mumangoonjezera. Mukauchepetsa kwa miyezi ingapo, limayambanso kumva bwino, moti mchere womwe uja umamveka wowawa. Shuga chimodzimodzi. Mimbanso yanu inazolowera chakudya chopepuka. Lero mwaikhuthulira mafuta ambiri nthawi imodzi, kuonjezapo mabotolo awiri, inu muli ndi mantha anthu akukuyang'anani. Ikanatani?"

"Ndiye kuti sindinaonongeke m'kati?"

"Ayi. Kusakomedwa ndi zimenezi ndi chizindikiro chakuti munatsatira bwino malangizo. Choopsa n'chimene mwachita lerochi. Munthu wa shuga kumwa zotsekemera motero angathe kukomoka. Mupume pano mpaka shuga atsike, muzimwa madzi, ndipo mankhwala anu musadumphitse."

A Esitele atamva zimenezi, mantha aja anawachoka. Koma nkhawa ina inali ikadalipo.

"Nanga lesitilanti yanga? Panopa ndiye yatheratu."

"Matenda anu ndi chinsinsi chanu, ine sindingauze munthu popanda chilolezo chanu," anatero a Stelia. "Koma taonani pamene kubisa kwakufikitsani. Ife timayenda m'misika kuyeza anthu bipi mwaulere. Mukalola, msika ukubwerawu tidzakhale pakhonde panu. Inu mudzanene nokha zimene mukufuna kunena."

A Laston, amene anafika ali wefuwefu atamva uthenga, anangoti, "Si zimene ndinkanena zija?" A Esitele anangowaponyera diso.

Msika wotsatira a Stelia anafikadi ndi makina awo. Anthu anasonkhananso, ambiri poganiza kuti kuli sewero lina. A Esitele anaimirira.

"Abale anga, ine ndili ndi shuga ndi bipi. N'chifukwa chake ndinaonda, n'chifukwa chake sindidya tchipisi. Ndinabisa poopa kuti muthawa. M'chiwaya changa muli mbatatesi ndi mafuta basi."

Kondakitala wina anafunsa kumbuyo, "Ndiye kuti tchipisicho n'chimene chinakudwalitsani?"

A Stelia ndiwo anayankha. "Tchipisi cha apo ndi apo si poizoni, achimwene. Vuto ndi kudya zamafuta, zamchere ndi zotsekemera m'mawa, masana ndi madzulo, chaka ndi chaka, ndiwo zamasamba osazikhudza. Enanso matendawa amakhala a kumtundu. Njira yodziwira ndi imodzi, kuyezetsa. Ndani ayambe?"

Anayamba ndi Vitus. Kenaka mzere unatalika mpaka pa siteji. Oyezedwa akamaliza ankamva fungo lochokera m'kati n'kulowa, chifukwa tsiku limenelo a Esitele anali ataphikanso zina: mbatata yophika, chinangwa, nyemba, nkhwani wotendera ndi nthochi zakupsa pambali. Tchipisi chinalipo ndithu, koma mchere anauika m'kambale pa tebulo kuti aliyense azidzithirira yekha.

A Luwiza anabwera kumapeto, akuti angofuna kuona makinawo. A Stelia anawamanga lamba, kuyang'ana, n'kuwanong'oneza kanthu kukhutu. Zimene anawauzazo palibe anamva, ndipo ngakhale mutandigulira mandasi sindinganene, poti za kuchipatala ndi za mwini wake. Chimene anthu onse anaona n'chakuti a Luwiza analowa mu lesitilanti mwakachetechete n'kukhala pa benchi ya pakona.

"Amake Kwacha," anatero maso ali pansi, "pakamwa pangapa panandipitirira. Mundikhululukire."

"Zatha, asisi. Ndikupatseni tchipisi?"

"Ayi... mbatata yophikayo. Mchere musathire."

A Esitele anabweretsa mbale ziwiri, ina ya a Luwiza, ina yawo. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anadyera nkhomaliro yawo ya masiku onse m'lesitilanti yawo, pa tebulo, anthu akuona. Madzulo a tsikulo beseni la mandasi linabwerera kunyumba lopanda kanthu, mphika wa nyemba atachita kuukokota. Lero anyamata a kabaza anabwerera pa mabenchi awo, ndipo aphunzitsi ndi azimayi a pamsika amene kale sankalowamo akumadzadya nyemba ndi nkhwani.

Phunziro lake ndi ili. Munthu akachepetsa mchere, shuga ndi mafuta kwa nthawi, lilime ndi mimba zimasintha. Zimene ankazikonda kale zikayamba kumuwawa kapena kumudwalitsa, si ufiti ndipo si tsoka, ndi thupi lazolowera zabwino. Wodwala shuga kapena bipi asasiye malangizo a kuchipatala pofuna kusangalatsa anthu, ndipo ife tisamukakamize kudya kapena kumupekera nkhani chifukwa waonda. Matenda amenewa si ochititsa manyazi, ndipo kuyezetsa sikuchedwa.

Nanga inu, mnzanu akakankha mbale ya tchipisi n'kunena kuti "ine ayi, zikomo", mudzamufunsa mwaulemu n'kumulimbikitsa, kapena mudzathamangira nayo ku mjigo?