Dzina Limene Sindinadule

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ali moyo, anali pa tebulo, magalasi ali pamphuno, akulimbana ndi foni. Anali atajambula sikirini ya yankho la mwana wina wa m'kalasi mwawo, ndipo ankadula kumtunda kwa chithunzicho ndi chala chawo chosamva chija.

"Bweretsani ndikudulireni," ndinatero.

"Usadzimve, iwe unangondiphunzitsa kudina mabatani awiri," anayankha. "Kudulaku n'kwanga."

Umu ndi mmene ankaphunzitsira masamu. Ana a kalasi ya mayeso ankawatumizira ntchito pa foni, iwo n'kusankha yolakwika bwino, kudula dzina la mwini wake, kuzunguliza polakwikapo ndi mzere wofiira, n'kuiponya pa gulu la kalasi kuti onse akangane. M'mawa umenewo anatuluka choko chili m'thumba la shati. Masana anagwa kutsogolo kwa bolodi.

Ine n'kuti nditasiya koleji m'chaka chachiwiri, ndikungokhala pakhomo ngati mpando. Bambo sanandikalipirepo, ndipo chimenecho sindinawakhululukire mpaka lero.

Foni yawo inatsala ndi ine. Maliro atatha inayambanso kulira, ana akutumiza ntchito, ena mwa chizolowezi, ena posowa kwina kotumiza. Kunali kutatsala masabata asanu ndi awiri kuti alembe mayeso, ndipo mphunzitsi wina wa masamu kunalibe. Ndinapita kwa ahedi.

"Si iwe unathawa sukulu uja?"

"Ndine ndithu."

"Gululo si la sukulu, sindingakuletse. Koma usandiwonongere ana."

Ndinawononga mmodzi tsiku loyamba lomwe. Ndinajambula sikirini, kuzunguliza mofiira, kutumiza. Kudula ndinaiwala. Dzina la mtsikana wina, mwana wa telala, linali poyera, pamwamba pa yankho limene anagawa nambala ndi ziro. Anyamata sanachedwe: "Mayi Ziro afika, apatseni mpando!" Tinkhope toseka tinadzaza sikirini. Mmene ndinkachifufuta n'kuti ambiri atachijambula kale. Mtsikanayo anatuluka m'gulu, ndipo kusukulu anasiya kupita.

Ndinam'peza m'shopu ya mayi ake akusita makolala a malaya.

"Mwabwera kudzandijambulanso?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndabwera kudzapepesa."

"Pepani sapoletsa chilonda, achimwene."

"Akuti mayeso salemba," anatero mayi ake, mapini ali kukamwa. "Ndamuuza kuti makina osokerawa mwini wake adakali moyo, koma sakumva."

Mtsikanayo anaimika simbi n'kundiyang'ana. "Aphunzitsi sakanatero."

Sanakweze mawu, koma ndinangotuluka.

Kunyumba ndinatsegula tsamba la pa intaneti la koleji limene ndinalumbira kuti sindidzalionanso. Pepala langa lomaliza linali pomwepo, malikisi makumi awiri ndi atatu pa zana, dzina langa lili pamwamba m'zilembo zikuluzikulu. Bambo anamwalira asanalione. Ndinalijambula sikirini, sindinadule kalikonse, n'kuliponya pa gulu.

"Uyu ndine," ndinalemba. "Funso loyamba lokhalo lili ndi zolakwika zisanu ndi chimodzi, zonse za masamu amene mukuwadziwa. Wozipeza zonse ndiye mphunzitsi mawa. Wofuna kuseka ayambire pano."

Anaseka, inde. Wina anafunsa ngati malikisiwo anandipatsa chifukwa cholemba dzina molondola. Koma akuseka choncho ankasaka, ndipo kwa masiku awiri gulu linawira kuposa kale lonse. Anapeza zisanu n'kukanika.

Tsiku lachitatu foni inalira ndili kuchapa. Anali mwana wa telala. Mnzake wina anam'tumizira pepala langa lija, ndipo linabwera litadzaza mizere yofiira.

"Zilipo zisanu ndi ziwiri," analemba. "Ngakhale zolakwa zanu zomwe simutha kuwerenga?"

Ndinayang'ana. Pamzere wachinayi ndinataya chizindikiro chochotsera, ndipo zaka ziwiri zonsezi sindinkadziwa. Ndinaseka ndekha pabeseni, thovu lili m'manja, mpaka mayi anasuzumira pawindo kuona ngati zandisokonekera.

"Ndichiponye pa gulu?" ndinafunsa.

"Ndiponya ndekha. Ndibwezeni m'gulumo."

Mawa lake amene anaphunzitsa anali iyeyo. Mnyamata amene anayambitsa za Mayi Ziro anafunsa funso, iye n'kumuyankha kuti, "Imika kaye dzanja, mwana iwe." Gulu lonse linafa nacho chiseko, ndipo mnyamatayo anatumizadi chithunzi cha dzanja lake lili m'mwamba.

Kusukulu mtsikanayo anabwerera Lolemba. Masabata otsalawo anandivutitsa ndi mafunso kuposa ana ena onse kuwaphatikiza, ndipo kawiri anandikakamiza kutsegula mabuku a bambo kuti ndimuyankhe. Mayeso analemba.

Dzina lake linatuluka pamwamba pa mndandanda wa okhoza masamu pa 9 Okutobala.