Mlamba wa Bambo Jafeti

Bambo Jafeti anasiya kudya chaka chimene anthu ankakangana za Chitaganya. Anali msodzi wa ku Kachulu moyo wawo wonse, koma atachita khungu mwana wawo wamwamuna anawatengera ku Songani, kutali ndi nyanja ya Chilwa. Kumeneko ndiwo zinali matemba ouma lero, matemba ouma mawa, mpaka mkuluyo anakankha mbale nanena kuti adzadya nsomba ikadzabwera yamoyo. Makani a nkhalamba inu. Thupi linayamba kutha anthu akuona.

Enelesi, mwana wawo wamkazi amene anatsala ku Kachulu, atamva anauza mwamuna wake Gerishomo kuti amupezere mlamba. Gerishomo, munthu wabwino koma wosaganiza patali, anachita zimene msodzi aliyense amachita. Anatunga bango m'makha, mopumira nsomba muja, nalitulutsira kukamwa kuti isavute kunyamula. Enelesi pofika ku Songani nsomba inali itauma gwa. Bambowo anapisa chala kuseri kwa mutu, nakhudza makha ong'ambikawo.

"Yafa kale iyi, mwanangu. Mwaibaya popumira."

Enelesi anabwerera mtima uli phuliphuli, ndipo Gerishomo anazimva zonse mpaka makutu kuwawa.

Ulendo wachiwiri Enelesi anapita yekha padoko m'mamawa. Anasankha mlamba wongotuluka kumene m'mono, natukula chivindikiro cha m'mbali mwa mutu monga ankamuonetsera bambo ake ali kamtsikana. Makha anali ofiira piriwiri, atasanjikana mizeremizere, ofewa ngati nthenga za mwanapiye, m'mphepete muli timano tonga ta chipeso tosefa zinyalala. Pamwamba pake panali kanyama konga kachitsamba, kamene kamathandiza mlamba kupuma kunja kwa madzi, bola usaume.

Gerishomo anabwera ndi bango lake. Enelesi anangomuyang'ana, bango linagwa lokha.

Anakulunga mlambawo m'udzu wonyowa, nauika m'dengu, chipanda cha madzi kumanja, ulendo wapansi. Dzuwa la Okutobala silinamvere chisoni munthu. Akayenda pang'ono ankatula dengu, kudontheza madzi pamutu pa nsomba, n'kudikira chivindikiro chija chigwedezeke. Chikagwedezeka, iye n'kusenza. Pachitsime china amayi anamuseka kuti taonani womwetsa nsomba. Anawasiya aseke, nadzaza chipanda chake.

Atadutsa midzi ya m'dambo madzi anatsala a m'kamwa mmodzi. Kukhosi kunali kouma, ndipo kunena zoona anawafuna madziwo. Anawathira m'makha.

Anafika dzuwa litapendeka. Bambo Jafeti anali pamphasa pakhonde, nthiti zikuwerengeka, moti Enelesi anachita mantha kuti wachedwa. Anagwada, nagwira dzanja lawo n'kuliika pamutu pa mlamba.

"Bambo, ndine Enelesi. Takhudzani."

Chala chinafufuza pang'onopang'ono, chinalowa kuseri kwa mutu, chinayenda pa timano tija mpaka pofewa. Nsomba inangoti zii. Enelesi anasiya kupuma nayenso. Kenako chivindikiro chinatseguka, n'kutseka, kupana chala cha nkhalambayo.

Bambowo sanachotse dzanja. Misozi inatsika m'maso osaonawo, ndipo anakhala choncho kanthawi, nsomba ikupumira pachala chawo.

"Ikununkhira kwathu," anatero. "Kaiphe, Enelesi. Mutu usapatse munthu, ndi wanga."