Mbande za Pangodya

Yahaya anavula nsapato n'kukhala pamkeka pakhonde, mwaulemu wonse wa munthu wofuna mbeta. Bushra, mtsikana wosoka zovala ku boma la Nkhotakota, anali atamuuza kuti za ukwati azikamba akayamba waonekera ku Liwaladzi kwa Mayi Asiyatu, mayi ake aang'ono amene anamulera. Akakana iwowo, nkhani yatha.

Mayiwo sanatuluke. Amuna awo anali atamwalira chaposachedwa, ndipo iwo anali pa eda, miyezi imene mkazi wamasiye wachisilamu amabindikira pakhomo. Ankalankhula ali kuseri kwa nsalu ya pachitseko. Atalandira chipepeso anamuseka kuti mawu ake ndi onenepa kuposa miyendo imene akuiona pansi pa nsaluyo. Koma atamva kuti mnyamatayo wayamba kulima mpunga ku sikimu ya mthirira, kuseka kunatha.

"Ndiye kuti Allah wakutumani, bambo. Akuluakulu a komiti ya sikimuyo mumadziwana nawo?"

Ankadziwana nawodi, mopitirira muyeso. Atatopa ndi kudikira munda, Yahaya anapita kwa tcheyamani atakoka mbuzi, foni yatsopano ili m'thumba. Mkuluyo anangoti kupatsa n'kuika, ndipo sabata isanathe anamulozera munda m'mbali mwa ngalande yaikulu, ati mwini wake anausiya. Pangodya panali mbande zobiriwira bwino. Munthu wosiya munda safesa mbande, zimenezo Yahaya ankazidziwa, koma sanafunse. Mutu wake unali pa nyumba ya malata ndi golosale, kuti Bushra asadzakwatiwe ndi umphawi. Anazula mbandezo n'kuziwokera.

Mayi Asiyatu anafotokoza modekha. Munda wawo wa ku sikimu, umene unkadyetsa banja lonse, a komiti anaupereka kwa munthu wina maliro atangotha. Dzina la munthuyo ankalibisa. Iwo sakanaswa eda kukakangana m'matope, ndipo amene anawatuma anabwezedwa ndi mawu okoma.

"Za mundawo zili apo, koma chikundiwawa kwambiri ndi mbande. Anafesa ndi malemu amuna anga, ndi manja awo, asanagone pamphasa. Ndiyo ntchito yawo yomaliza. Mukandilankhulire, mwanangu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine chitseko chandikaniza."

Tiyi amene Bushra anamuthirira anamuika pambali. Yahaya sanafune kufunsa kuti mundawo uli mbali iti, poti mtima unali utamuuza kale. Anangoti ayesetsa. Apo mayiwo anamuchitira duwa yaitali, pemphero lachisilamu, kupempha kuti manja ake adalitsike, kuti mpunga wake ubereke, kuti Bushra asadzagone ndi njala pakhomo pake. Pemphero lililonse linkamutentha ngati khala, ndipo iye ankayankha ameni ndi manyazi aakulu.

Pomuperekeza, Bushra anali wosangalala ngati mwana. Anati mayi amukonda, ndipo poti dzuwa lidakali pamutu, akufuna akaone munda wotchukawo umene wakhala akuumva m'makutu mokha. Yahaya anati n'kutali. Anati kuli matope. Bushra anamuseka kuti kapena mundawo ndi wa pakamwa, n'kukwera pakaliyala ya njinga.

Atafika pa ngalande yaikulu, mtsikanayo anatsika njinga isanaime bwino. Sanadikire kulozeredwa. Anayenda pamzere mpaka pachulu pamene ankakhala ali mwana poingitsa mbalame, n'kuyang'ana mpunga umene unali utagwira bwino m'madzi. Kenaka anayang'ana pangodya, pamene panatsala dothi lokumbikakumbika.

"Mbande izi munafesa ndinu?"

Yahaya anayamba kunena za tcheyamani, za kusadziwa kwake, zoti zonsezi ankachitira iwo awiri. Mawuwo ankamuthera m'kamwa, chifukwa ngakhale iye mwini sankawakhulupirira.

"Simunadziwe kuti ndi wathu, chabwino," anatero Bushra motsitsa mawu. "Koma munadziwa kuti ndi wa munthu."

Anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake.

"Duwa ija munailandira ndinu. Mukawauze nokha. Ine pakamwa panga sipanganyamule zimenezi."

Anauyamba wapansi kubwerera kumudzi, osacheuka. Yahaya anaima kanthawi, madzi akuyenda m'ngalande. Njira ya ku boma inali kumanja, yosalala. Anatembenuzira njinga kumanzere n'kumutsatira chapatali, akuikankha.