Mbale ya Pamwala

Chaka chimene m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, bambo anga, a Hezekiah, anayamba kukwera phiri. Ku Zengeza 4, komwe ndimakhala kuno kudziko la eni, kulibe phiri. Kuli miyala yosanjikizana kuseri kwa nyumba zomalizira, basi. Koma a Hezekiah atathamangitsidwa pafamu pomwe anakalambira n'kudzakhala kwanga, mutu wawo unabwerera ku Mulanje, kumene ali anyamata ankasenzera alendo katundu.

M'mawa uliwonse ankanyamula ndodo, mwana wanga Natsai ali pambuyo. Ine ndinkawalondola mtima uli m'mwamba, kuopa kuti agwera m'ngalande za zonyansa. Magetsi kunalibe, tauni yonse inkafuka utsi wa nkhuni, ndipo iwo ankaupuma mokondwera.

"Chiperoni chatsika lero. Gwira malaya anga, iwe. Miyala iyi kalekale inali moto, inkayenda ngati phala. Waiona mikungudza iyo? Kumtundako ndiye ku Sapitwa."

"Sekuru, hakuna gomo kuno!" Natsai ankawatsutsa agogo akewo m'Chishona chake kuti kuno kulibe phiri, akufa nazo nseko.

"Paphiri satsutsa, eni ake amamva."

Kaya inali njala kaya mawu awowo, masiku ena nanenso ndinkaliona. Madenga ankamira m'mitambo, udzu wa kumtunda n'kumaweyuka mpaka kosaoneka, mathithi ali lende m'mbali mwa thanthwe lakuda. Ndinkamva ngakhale kuzizira kwake m'makutu.

Chimene chinkandidya mtima n'chakuti bambo sankadya. Kachakudya kamodzi patsiku komwe tinkapeza, iwo ankakankhira mbale yawo kwa Natsai.

"Ine ndadya kale kumtunda."

Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinalira, koma nkhalamba ija inali nkhutukumve. Buluku linkachita kumangidwa ndi chingwe. Ndinkaona ndi maso angawa kuti mvula yoyamba sidzawapeza.

Tsiku lina tili pamiyala paja anauza Natsai lamulo la phiri. Akuti woyenda wanjala amatha kupeza chakudya chili pamwala, chokonzedwa ndi eni phiri.

"Ukachipeza, idya wekha, mwakachetechete. Ukangoitana mnzako, kwanu sukakuonanso."

Ndinangoti mumtima, ndakupezani, madala.

Chitenje changa cha kutchalitchi ndinasinthanitsa ndi mbatata zitatu ndi nthochi. Ndinaphikira kwa mnzanga kuti fungo lisandiulule, ndinabwerekanso mbale yomwe bambo sankaidziwa. M'mawa mwake ndinathamanga kukaika pamwala wafulati pomwe ankakonda kupumira. Tsikulo ine ndi Natsai tinatsogola, ndipo titayandikira pamwalapo ndinamukoka, tinabisala kuseri kwa mwala wina, dzanja langa lili pakamwa pake.

Utsi unali utakuta ponseponse. Bambo anatulukira pang'onopang'ono, ndodo ili gogodo, akung'ung'udza kanyimbo. Ataona mbale ija anaima. Anavula chipewa, anagwada movutikira, n'kuomba m'manja katatu moyang'ana kumtunda. Nkhope yawo inawala moti ndinamuona mnyamata uja wosenza katundu, amene ine sindinamudziwepo.

Anatola mbatata imodzi, anaisenda bwinobwino. Anaifikitsa pakamwa. Ine ndinasiya kupuma. Idyani, bambo, chonde idyani.

Anaitsitsa. Anayang'ana ku Sapitwa kwawoko. Mantha awo ndinawaona, anali enieni.

"Pepani, eni phiri," anatero motsitsa mawu. "Ndikulidziwa lamulo. Ngati n'kunditenga, nditengeni."

Kenaka anatembenuka, n'kukuwa ndi mphamvu zonse zomwe zinatsala m'chifuwa chija.

"Natsai! Natsai iwe! Thamanga, kuno kuli chakudya!"

Mwanayo anandiyang'ana, m'maso muli misozi, m'mimba mwake mukulira moti ndinkachita kumva. Ndinakwiya, ndinakwiyira bambo, ndinakwiyira phiri lomwe kulibe. Iwo anaitananso, mawu atayamba kusasa.

Ndinachotsa dzanja langa pakamwa pake.