Pamene Kakowa Amaima

Achimwene anga sangaone chinthu chili pamalo pake osachisendeza. Ukaika kapu patebulo, amaikankhira pang'ono kumanzere. Mpando amausuntha mlendo ali chikhalire. Alamu anasiya kalekale kufunsa kuti mchere uli kuti. Amangopita pamene anausiya n'kuyamba kufufuza chapafupi. Anyamata a mathirakitala anawapatsa dzina loti Asendeza, ndipo iwo amavomera mokondwa, poganiza kuti ndi dzina la munthu wokonza zinthu.

Ntchito timagwira limodzi. Galimoto ndi yawo, kukopa alimi ndi kwawo. Ine ndimaulutsa droni, kandege kakang'ono ka kamera kumimba, kamene kamajambula minda kuchokera m'mwamba. Zithunzizo ndimazilumikiza pa laputopu n'kukhala mapu. Pamapupo chimanga chathanzi chimaoneka chobiriwira, chodwala chachikasu, ndipo mlimi amadziwa mizere yoti apopere m'malo mothira mankhwala munda wonse.

Koma kandegeko pakokha sikadziwa bwinobwino pamene kali. Kamamvera masetilaiti, ndipo masetilaiti amanama pang'ono, lero chakuno, mawa chauko. N'chifukwa chake tili ndi chipangizo china cha miyendo itatu yaitali ndi mutu woyera, chimene timachitcha kakowa. Ntchito ya kakowa ndi kuima basi. Amamvera masetilaiti omwewo, ndipo akamuuza kuti wasuntha amadziwa kuti ndi bodza, popeza sanapite kulikonse. Ndiye amauza kandege kukula kwa bodzalo, kandege n'kukonza.

Mwini famu imene tinkajambula ndi mayi wamfupi amene amavala jombo ngakhale mu ofesi. Tsiku lina anatiitana, ndipo titafika sanatiuze n'komwe kuti khalani. Anatembenuzira kompyuta kwa ife. Anali atasanjikiza mapu a sabata yatha ndi a sabata ino, amodzi pamwamba pa ena.

"Mayi wa kandege, tandiuzani," anatero. "Thanki langa la madzi linayamba liti kuyenda?"

Ndinayang'ana. Mathanki anali awiri, lina pambali pa linzake. Msewu wa pakati pa munda unalinso uwiri.

"Anyamata anga apopera potsatira mapu anu," anapitiriza. "Asambitsa chimanga chabwinobwino, mbozi zili pamzere wachitatu zikudya mosatekeseka. Ndikupatsani maulendo awiri ojambula. Mapu awiriwo akapanda kugwirizana bwino, ndiitana ena."

"Makina a masiku anowa, mayi," anatero achimwene, uku akusendeza kabotolo ka zolembera patebulo pawo. "Amapanga zosalimba."

Ine makinawo sindinawakayikire. Makina anga ndimawadziwa. Ndimawapukuta ndekha, ndimagona nawo chipinda chimodzi.

M'mawa mwake tinapita kumunda kukayesa. Ndinaimika kakowa pabwalo loyera pafupi ndi chipata, ndinaulutsa kandege. Ndikamaulutsa, maso anga amakhala kumwamba ndi pagalasi la m'manja, kumbuyo sindicheuka. Koma tsikulo ndinacheuka dala. Pabwalo panalibe kanthu. Kakowa anali pansi pa mtengo wa mango, achimwene ataima pambali pake ngati namwino.

Ndinatsitsa kandege.

"Achimwene, kakowa wafika bwanji pamthunzi?"

"Amapsa ndi dzuwa, chemwali. Ndagwira mutu wake, kutentha ngati ayironi. Chinthu chodula chonchi."

"Nanga sabata yatha?"

"Ndinamuika kuseri kwa galimoto. Ng'ombe zimadutsa, zikanamugwetsa." Anandiyang'ana ngati akudikira zikomo. "Sindinapite naye kutali. Ndinangomusendeza pang'ono."

"Mwasendeza munda wonse wa eni ake. Thanki, msewu, mbozi zomwe."

"Aaa, iwenso. Mapazi angati amenewa?"

"Omwewo ndi amene kandege kalakwitsa. Kakowa sadziwa kuti mwamunyamula. Akulumbira kuti adakali pachipata, ndipo kandege kakumukhulupirira. Pamwamba pa izo, mwamuika pansi pa masamba, thambo sakuliona."

Anakanda m'mutu, nati mwina ndikunena zoona, koma dzuwalo linali loopsa ndithu.

Kukalipa sikukanathandiza. Munthu wa imvi sasiya chizolowezi chifukwa mlongo wake wakweza mawu. Komanso ndinaona kuti ngakhale popanda achimwene, kuimika kakowa mongoyerekeza, lero apa mawa cha apo, sikukanatipatsa mapu ofanana. Pankafunika malo amodzi oti munthu sangawanyamule.

Ndinapempha thumba la simenti kwa kapitawo wa famu. Ndinasankha pamtunda, kutali ndi mitengo, mawaya a magetsi ndi njira ya thirakitala. Ndinakumba dzenje lofika m'bondo, ndinathira konkire, pakati pake ndinamizamo bawuti wamkuwa, mutu wokha uli kunja. Pamutupo ndinakhoma kadontho ndi msomali. M'ngodya za munda ndinaumba timasilabu ta konkire, ndinatipaka penti yakuda ndi yoyera mopingasa kuti tizioneka pazithunzi, tikhale mboni zotsimikizira mapu.

Konkire itauma, ndinaimika kakowa pamwamba pa kadontho kaja, ndinamusiya akumvera masetilaiti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kuti mabodza awo aphane okhaokha patsale malo enieni. Manambala a malowo ndinawasunga m'makina. Kuyambira pamenepo kakowa sayerekezanso. Amauzidwa pamene waima.

Tsiku lomverapo masetilaitilo achimwene anafika masana ndi ambulera.

"Sindimukhudza," anatero. "Ndingomuphimba."

"Ambulerayo dziphimbeni nokha, mukhale m'galimoto."

"Ndine mkulu wako, ukudziwa?"

"Ndikudziwa. Khalani m'galimoto, akulu."

Anakhala. Pobwerera ndinapeza mpando wanga wasunthidwa, galasi loonera kumbuyo likuyang'ana kudenga.

Tinaulutsa ulendo woyamba, tinapasula zonse n'kupita kunyumba. Patapita masiku tinabweranso, tinaimika kakowa pa bawuti yemweyo, tinaulutsa ulendo wachiwiri. Ndinanyamula laputopu kupita nayo ku ofesi osayamba ndasanjikiza ndekha. Panalibe chifukwa.

Mayi wa jombo anasanjikiza okha. Anakulitsa chithunzi pa thanki. Linali limodzi. Anapita pangodya, anakulitsa kasilabu mpaka penti inadzaza galasi. Chakuda chinagona pa chakuda, choyera pa choyera. Anayang'ananso ngodya ina, kenaka ina, ngati munthu wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana.

"Thanki langa lakhazikika," anatero. "Khalani pansi."

Tinakhala. Anatiuza kuti mng'ono wawo ali ndi minda ikuluikulu kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo alimi oyandikana naye akufuna mapu sabata iliyonse mpaka kukolola. Akufuna munthu wokaika mabawuti m'minda yonseyo ndi kukhala komweko nyengo yonse.

"Tikonzeka, mayi," anatero achimwene. "Galimoto ili bwino."

"Galimoto iliko, dalaivala aliko," anayankha mayiwo. "Akufuna munthu mmodzi." Ankalankhula akuyang'ana dzanja la achimwene, limene linali litafika kale pa kabotolo ka zolembera. Dzanjalo linabwerera pabondo.

Kunyumba nkhani inakula. Achimwene anati mwana wamkazi sangakhale yekha kuchilendo. Anati anandibereka kumsana ndili wakhanda, anandiphunzitsa kupalasa njinga, ndipo alimi onse amene ndawajambulira anawapeza ndi iwo.

"Zonsezo n'zoona," ndinatero. "Ndikupita Lolemba."

"Nanga ine?"

"Inu pezani alimi a chaka chamawa. Pakamwa muli napo. Mukawauze kuti mapu athu sayenda."

Alamu anasuzumira kuchokera kukhitchini. "Musiyeni apite, bambo. Kuno mipando ilipo yambiri yoti muzisendeza."

Achimwene anafuna kukwiya koma kuseka kunawapambana. Anatuluka panja, ndipo ndinamva akukoka benchi pakhonde.

Ndinatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa wodulopu. Pansi ndinaika mabawuti amkuwa okulunga m'nsanza, chipande chomangira, zitini ziwiri za penti. Pamwamba pake zovala zantchito, chipewa, jombo zanga zatsopano. Mabatire ndinawaika m'thumba la m'mbali, laputopu pakati pa majuzi. Kakowa ndinamupinda miyendo n'kumugoneka m'bokosi lake pambali pa la kandege.

Achimwene analowa mwakachetechete, naima pafupi ndi chikwamacho manja ali kumbuyo. Anapirira ndithu. Kenaka dzanja limodzi linatuluka.

"Mabatirewa akanakhala bwino mbali iyi."

Ndinatseka zipi, ndinakhalira chikwamacho.